Kulemba mmisiri woyima payekha: zoyenera kukhala pa pepala asanagwire sipanala

Ntchito zambiri zolemera za kuno ku Luwinga, mu mzinda wa Mzuzu, sizigwiridwa ndi antchito apamwezi. Mwini chigayo sasunga wowotcherera wakewake, ndipo wocheka matabwa a ku Chikangawa salipira wamagetsi mwezi ndi mwezi kuti azingodikira tsiku limene waya adzapse. Mota ikapsa timayitana woikulunga, shedi ikafuna zitsulo zatsopano timayitana wowotcherera, makina atsopano akafika timayitana womanga tsinde la konkire ndi wina wodzawakhazika. Onsewa ndi anthu oyima pawokha, ali ndi zida zawo ndi makasitomala awo. Ine ndimayendetsa chigayo ndi makina ofinya mafuta a mpendadzuwa, ndipo amisiri oterewa ndimagwira nawo ntchito chaka chonse. Ndimawalemekeza kwambiri, n'chifukwa chake sindilola kuti ntchito yaikulu iyambe pa mawu apakamwa okha. Kwa munthu woyima payekha mumagula ntchito yomalizidwa, osati masiku ake, ndipo pepala lonse liyenera kulembedwa ndi maganizo amenewo.

Muyambe mwadzifunsa ngati munthuyo ndi kontrakita weniweni, kutanthauza woyimadi payekha. Lamulo la Employment Act la 2000 silingoyang'ana dzina limene mwalemba pamwamba pa pepala. Potanthauzira wantchito, limaphatikizapo munthu amene akudalira inu pa chuma ndipo akukugwirirani ntchito m'njira yofanana kwambiri ndi ya wolembedwa kusiyana ndi ya woyima payekha. Ndiye ngati wowotcherera wanu amafika 7 koloko m'mawa chifukwa inu mwalamula, amagwiritsa ntchito makina anu, sangakagwire kwina popanda kukupemphani, ndipo amalandira ndalama yofanana kumapeto kwa mwezi uliwonse, ameneyo ndi wantchito wanu ngakhale atasayina masamba khumi okana zimenezo. Tsiku losiyana akhoza kupita ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la nkhani za ntchito la Industrial Relations Court, lomwe lili ndi nthambi kuno ku Mzuzu, kukafunsa za tchuthi, za notisi, za ndalama yosiyanirana ndi za penshoni, imene bwana amayenera kuikapo 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti. Adzakhala akufunsa zake zomuyenera. Alipo ena amene amasayinitsa pepala la ukontrakita pofuna kuzemba zimenezi, koma kumeneko ndi kudyera mnzako masuku pamutu. Ngati ntchitoyo ndi ya tsiku ndi tsiku, monga kuyendetsa chigayo, mulembeni munthuyo ntchito mwachilungamo. Lamulo lomwelo limalola kulemba wantchito kwa nthawi yoikika kapena pa ntchito imodzi yodziwika, choncho njira ilipo.

Kontrakita weniweni amatchula mtengo wa ntchito yonse, amadzisankhira kagwiridwe, amabwera ndi zida ndi anyamata ake, ndipo akalakwitsa amakonza ndi ndalama zake.

Posankha munthu, pali ntchito zina zimene chiphaso sichikambirana. Wamagetsi amene adzalowetse mawaya a 3 fezi, a mavoti 400, akhale ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo muchiwone ndi maso anu, chifukwa mukadzafuna kuti ESCOM ikulumikizeni padzafunika mapepala a munthu wovomerezeka. Womanga nyumba ya makina akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira zomangamanga, lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC. Pa zowotcherera ndi zokonza makina, satifiketi ya TEVETA, ya trade test kapena ya ku Mzuzu Technical College ndi umboni wabwino, komabe amisiri ena aluso kwambiri anaphunzirira pa galaja ya amalume awo. Kwa oterewa ine ndimapempha andiuze kumene anakhazikako makina, kaya ndi ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Ekwendeni, ndipo ndimapitako ndekha iwo kulibe. Mwini malo ndimamufunsa funso limodzi: vuto litawoneka ndalama atalandira kale, anabweranso? Dzina lolemba pa pepala likhale la pa chiphaso cha unzika cha NRB pamodzi ndi nambala yake, osati dzina limene timamutchula pamsika. Mulembenso kumene kuli shopu yake ndi nambala ya foni yolandirira ndalama.

Kufotokoza ntchito ndi mayeso ake

Apa ndi pamene pamafunika kukhala pansi nthawi yaitali. Mawu akuti "kukhazika chigayo" alibe malire. Inu mukuganiza kuti zikuphatikiza kukumba, konkire, sitata yoyatsira mota ndi kuyesa. Iye akuganiza zongomanga mabawuti. Nonse mukunena zoona m'mitima yanu, ndipo mkangano umabadwira pomwepo. Ine ndimalemba chonchi:

"Mmisiri adzakumba ndi kuthira tsinde la konkire motsata chojambula chimene tasayina, adzakhazikapo chigayo ndi mota yake, adzalunzanitsa mapule, adzamanga malamba ndi chotchingira malambawo. Kulumikiza magetsi sikuli m'ntchito imeneyi. Ntchito idzawerengedwa kuti yatha makina akagaya matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50 motsatizana, malamba osadumpha, mabering'i osatentha, mabawuti osamasuka, tonse awiri tikuwona."

Taonani zinthu ziwiri. Pali chiganizo chonena zimene sizili m'ntchitoyo, ndipo pali mayeso amene aliyense angawawone popanda kutsutsana. Mayesowo amateteza mmisiri kuposa mmene amatetezera inu, chifukwa makina akapambana simungamuuzenso kuti mtima wanu sunakhutire. Chojambula chisakuwopseni: ngakhale cha pamanja pa pepala la m'kope chimakwanira, bola chikhale ndi miyezo ndi masiginecha awiri.

Ntchito iliyonse ili ndi timfundo take tofunika kutchula. Pa konkire lembani kasakanizidwe ka simenti, mchenga ndi miyala, komanso tsiku limene makina adzaloledwe kukwerapo. Konkire imafika mphamvu yake yoyembekezeka pa masiku 28, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi kuno imalimba pang'onopang'ono, choncho musamukakamize mmisiri kuti alize chigayo pa tsinde la masiku atatu chifukwa makasitomala akudikira. Pa zitsulo lembani kukula ndi kuchindikala kwake, monga angle iron ya mamilimita 50 kwa 50 kwa 5, chifukwa chitsulo chopyapyala chikapakidwa penti sichidziwikanso. Lembaninso kuti penti woteteza dzimbiri apakidwe zitsulo zili pansi. Chinyezi cha Mzuzu sichichedwa kudya chitsulo chosapaka. Pa mota yopsa lembani kuti waya wa kopa akhale wa kukula kofanana ndi woyamba, vanishi athiridwe ndi kuumitsidwa, mabering'i asinthidwe, ndipo poyesa, ma amp (muyezo wa magetsi amene mota ikukoka) a mafezi onse atatu akhale oyandikana komanso osapitirira amene alembedwa pa kachitsulo ka pa motayo. Musaiwale kunena kuti waya wakale ndi zidutswa za zitsulo zotsala ndi za ndani. Kopa wakale ndi ndalama, ndipo ndawonapo anthu amene anagwirizana pa zonse atasiyana moipa chifukwa cha thumba limodzi la waya wopsa.

Zipangizo ndi ndalama

Pa pepala patulani mtengo wa ntchito ya manja ndi mtengo wa zipangizo. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mmisiri amene anatchula mtengo umodzi wa zonse sabata imodzi zimenezi zisanachitike anatsala ndi njira ziwiri zokha, kuthawa ntchito kapena kugula zipangizo zonyozeka. Ndiye lembani kuti kotesheni ya zipangizo ikugwira kwa masiku 14, ndipo mitengo ikakwera pambuyo pake, mwini ntchito adzawonjezera motsata malisiti. Mtengo wa manja wokha ndiwo usasinthe.

Ine zipangizo zikuluzikulu, monga simenti, zitsulo, chingwe cha magetsi ndi mabering'i, ndimagula ndekha, ndipo zing'onozing'ono, monga ndodo zowotcherera ndi ma disiki odulira, amagula mmisiri pa mtengo wake. Koma mukamagula nokha samalani: chinthu chikakhala cholakwika, mlandu umakhala wanu. Choncho mndandanda alembe iyeyo ndi kusayina, ndipo katundu akafika awuyendere ndi kuvomereza asanawugwiritse ntchito. Zinthu zambiri sizipezeka m'tauni muno. Zimayenda makilomita pafupifupi 360 pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe, zina zimalowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania. Bering'i yolakwika nambala imodzi ikhoza kuyimitsa ntchito sabata yathunthu.

Malipiro azitsatira ntchito yowoneka, osati kalendala. Tinene kuti ntchito ya manja ndi K2,000,000. Ndikhoza kupereka K400,000 poyamba, K600,000 tsinde likatha, K800,000 mayeso akapambana, ndipo K200,000 ndimaisunga masiku 60 kuti ngati pangawoneke vuto lochokera ku kagwiridwe kake, abwere adzakonze. Adivansi yopitirira theka ndimaikana, osati poti amisiri ndi akuba, koma chifukwa ndalama ikatha ntchito ikadalipo, munthu wa banja amakakamizika kukayamba ganyu ina kuti ana adye, ndipo yanu imayima. Mbali inayo, inunso mudzimange: lembani kuti gawo likatha mudzalipira pasanathe masiku atatu. Si chilungamo kumuwerengera mmisiri masiku inu mukumuuza kuti abwere mawa.

Lipirani kudzera ku banki, Airtel Money kapena TNM Mpamba pa nambala imene ili pa pepala. Ya pamanja isayinidwe pomwepo. Ndipo pali tindalama tapakati timene timasokoneza mawerengero: "Achimwene, tandipatseniko ya thiransipoti," kapena uthenga woti kwagwa maliro ku Rumphi. Thandizani ngati mungathe, ndi umunthu. Koma nenani pomwepo ngati ndi chipepeso kapena ndi yodzachotsera pa gawo lotsatira, ndipo mulembe m'kope.

Za msonkho ndizinena mwachidule. Ngati bizinesi yanu inalembetsedwa ku MRA, mumayenera kudula msonkho wochotseratu polipira, wotchedwa withholding tax, pa malipiro a ntchito zotere, kuupereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndi kumupatsa mmisiri satifiketi yosonyeza kuti mwadula, pokhapokha ngati ali ndi chiphaso chomuchotsa pa msonkho umenewu. Maperesenti amasiyana malinga ndi mtundu wa ntchito ndipo amasintha ndi bajeti ya boma, choncho tengani ndandanda ya chaka chimenecho ku ofesi ya MRA musanalembe. Mufunseni TPIN yake, yomwe ndi nambala yake ya msonkho, ndipo pepala linene poyera kuti mtengo umene mwagwirizana ndi wa msonkho usanadulidwe. Munthu amene amayembekeza K800,000 n'kulandira yoperewera popanda kuuzidwa kale amawona ngati mwamubera, ndipo simungamudzudzule.

Tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza zilembedwe, pamodzi ndi zifukwa zimene zingasunthe tsiku lomalizalo. Kuno mvula imapitirira mpaka Epulo ndi Meyi pamene kwina yaleka, ndipo palibe amene angawotcherere denga kukugwa mvula. Magetsi akazima, zipangizo zanu zikachedwa, kapena inu mukachedwa kulipira, masiku amenewo si mlandu wake. Pa malo a ntchito pakhale kope limene nonse mumasayina tsiku lotayika. Ngati mukufuna kuika ndalama yodula pa tsiku lililonse lochedwa popanda chifukwa, ikhale yoyandikana ndi zimene mumatayadi makina akayima, chifukwa makhoti salemekeza chilango chongowopsezera.

Anyamata ake ndi ngozi

Nkhani iyi ndi imene imandikhudza kwambiri. Mmisiri sabwera yekha. Amabwera ndi anyamata awiri kapena atatu, ndipo iwowa ndi amene amakwera padenga, kunyamula mota ndi kugwira chitsulo chikudulidwa. Sasayina pepala lililonse, koma ngozi ikachitika ndi iwo amene amavulala. Pepala linene kuti amawalemba ndi kuwalipira ndi mmisiri, ndipo mayina awo alembedwe. Pasakhale wosakwana zaka 18. Lamulo limaletsa kugwiritsa ana ntchito zowopsa, ndipo kuwotcherera, magetsi ndi kukwera padenga zili m'gulu limenelo. Ndisanapereke gawo lomaliza ndimawafunsa anyamatawo pamaso pa bwana wawo ngati alandira zawo.

Musaganize kuti mawu oti "ngozi iliyonse ndi ya kontrakita" akutsukani m'manja. Malowo ndi anu. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limafuna kuti malo a ntchito akhale otetezeka, ndipo la Workers' Compensation Act la 2000 ndilo limanena za chipukuta misozi cha wovulala pa ntchito. Choncho gwirizanani zinthu zogwirika. Ndani adzabweretse chigoba chowotcherera, magalasi, magolovesi, majombo ndi lamba wodzimangirira padenga? Wina akavulala, galimoto yomutengera ku Mzuzu Central Hospital ndi ya ndani, ndipo adzakanene ku ofesi ya zantchito ndani? Pa ntchito yaikulu, funsani pepala la inshuwalansi yoteteza antchito ake ndipo muwone tsiku limene ikuthera.

Pamalo panga pali malamulo awiri amene ali m'mgwirizano uliwonse. Munthu akalowetsa manja m'makina, swichi yaikulu imatsekedwa ndi loko ndipo kiyi amakhala m'thumba mwa iyeyo, osati mwanga kapena mwa woyendetsa chigayo. Izi ndi zofunika kwambiri magetsi akazima, chifukwa amabwerera osagogoda, ndipo makina amene anasiyidwa oyatsa amangoliza. Lachiwiri ndi la moto. Fumbi la ufa limayaka, chimodzimodzi matumba, utuchi ndi mafuta. Asanawotcherere m'kati timasesa, timatulutsa matumba, chozimitsira moto chimakhala pafupi, ndipo akamaliza wina amatsala ola lathunthu akuyang'anira, popeza kamoto kogwera m'fumbi kamanyeka mwakachetechete. Wina angafunse ngati malamulo oterewa sakumusandutsa wantchito wanu. Ayi. Simukumuuza mmene agwirire ndodo yowotcherera. Mukumuuza malamulo a pakhomo panu, amene mlendo aliyense amatsata.

Ntchito ili m'kati, mudzawona zina zofunika kukonza, ndipo mawu amangotuluka okha: "Poti muli pompano, tangowotchereraniko geti ili." Mmisiri waulemu sakana, koma mumtima akuwerengera, ndipo pamapeto amabweretsa bilu imene simunayembekeze. Lembani kuti chowonjezera chilichonse chiyambe chapatsidwa mtengo ndi masiku ake m'kope. Ngati muli kutali, uthenga wa pa WhatsApp wotchula ntchito ndi mtengo, iye n'kuyankha kuti wavomera, umathandiza, koma mukakumana mukaulembe m'kopemo. Lembaninso kuti sangapereke ntchitoyo kwa mmisiri wina popanda chilolezo chanu, chifukwa munasankha manja ake.

Zikavuta, pepala linene njira yosiyanirana. Mmisiri akasowa popanda chifukwa, mumulembere kalata yomupatsa masiku 7. Akapanda kubwera, ntchito imene wagwira iyezedwe, alipidwe yokhayo kapena abweze yopitirira, ndipo inu mukhale omasuka kuyitana wina. Iyenso akhale ndi ufulu woyimitsa ntchito inu mukalephera kulipira. Tchulanitu mmisiri wamkulu wa luso lomwelo amene nonse mumamukhulupirira, kuti adzawone ntchitoyo mukadzatsutsana. Mikangano yambiri imathera pamenepo, ndipo yokanika ndiyo ipite ku khoti. Musamulande zida zake ngati chikole, chifukwa ndi zimene amadyera, ndipo mukhoza kudzipalira mlandu wina. Musathamangirenso ku polisi pa nkhani ya ntchito yochedwa, pokhapokha ngati pali kuba kwenikweni.

Mgwirizano ulembedwe m'chilankhulo chimene nonse mukumva bwino. Amisiri ambiri kuno ndi olankhula Chitumbuka, ena Chitonga kapena Kyangonde, ndipo pepala la Chingerezi lokopera kwina, lodzaza ndi mawu amene ngakhale inu simungawamasulire, silithandiza aliyense. Ine ndimalemba m'Chichewa, ndimawerenga mokweza ndime ndi ndime, ndipo pamene pakufunika wina amamasulira m'Chitumbuka. Mupatseni pepalalo akagone nalo usiku umodzi asanasayine. Aliyense abwere ndi mboni yake, musayine tsamba lililonse, makope akhale awiri, ndipo mujambule pa foni. Ngati ntchitoyo ndi ya ndalama zimene zingagwetse bizinesi yanu zitatayika, lipirani loya awerenge kaye.

Tsiku la mayeso konzekerani chimanga, mpendadzuwa kapena matabwa okwanira, kuti makina ayesedwe atasenza katundu osati opanda kanthu. Zoperewera zing'onozing'ono, monga chotchingira malamba chosamangidwa kapena penti wosamaliza, zilembedwe pa pepala limodzi ndi tsiku lozikonzera. Lembani ma amp amene mwawerenga, landirani makiyi, chojambula ndi zipangizo zotsala, kenako musayine nonse kuti ntchito yalandiridwa. Masiku 60 aja amayamba kuwerengedwa kuchokera pa siginecha imeneyo, choncho werengani pomwepo ndi kulemba tsiku lenileni limene K200,000 yotsalayo idzatumizidwe pa nambala yake.